Chingerezi chimene ndinasankhira alamu anga

Papita zaka zambiri, koma alamu anga akapha nkhuku sandiitana, ndipo sindiwadandaula. Mlandu wake ndi Chingerezi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili kalaliki wamkulu pa siteshoni ina yofufuza za mpunga kuno ku Nkhotakota. Tinali ndi anyamata anayi a madigiri amene boma linawasankha kuti akapitirize maphunziro kunja. Mmodzi mwa iwo anali alamu angawo, a Mkandawire a ku Dwambazi, amuna a mlongo wanga. Chotsala chinali chakuti aliyense alembe chikalata chofotokoza zimene akufuna kukafufuza. Tinagwirizana zolemba ntchito mphunzitsi wa ku yunivesite kuti adzawasule Chingerezi pa holide.

Tsiku loyesa ofuna ntchitoyo, abwana anaitanidwa mwadzidzidzi kukakonzekera ulendo wa Apulezidenti. Masiku amenewo zotere sunkafunsa kawiri. Anandisiyira makiyi n'kunena kuti, "Musankhe nokha, inu anthu mumawadziwa." (Anthu ndinkawadziwadi. Chingerezi changa chinathera pa JC.)

Anabwera awiri. Oyamba anali mayi ena ovala chitenje chofwifwa, atanyamula thumba la chinangwa chimene anagula potsika basi. Ndinawapempha kuti afotokoze mmene adzaphunzitsire. Anafotokoza, ine n'kumva zonse, liwu lililonse. Ndinakhumudwa. Ngati wa JC akumva, a madigiri aphunzirapo chiyani?

Achiwiri anali bambo a suti yakuda, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Okutobala, koma tayi osamasula. Atatsegula pakamwa sindinatolepo kanthu. Ndinangokhala ndikugwedeza mutu, ulemu utandigwira.

"Mwamva, bambo kalaliki?" anandifunsa.

"Zonse," ndinanama. "Mudzayambe Lolemba."

Mayi aja potuluka anandifunsa mofatsa kuti alakwitsa pati. Ndinawauza mosabisa: "Mayi, Chingerezi chanu chikumveka kwambiri." Ananyamula chinangwa chawo n'kumapita.

Sabata yachiwiri alamu anandipeza mu ofesi.

"Alamu, munthu mwatibweretsera uja sitikumumva."

"Ndiye kuti mukuphunzira," ndinatero. "Munkafuna zomva ngati muli ku sitandade 5?"

Anapirira, mpaka nawonso anayamba kulankhula zosamveka. Chikalata chawo chokhudza matenda a mpunga, chimene poyamba chinali tsamba limodzi, chinafufuma kufika masamba khumi ndi anayi. Ndinachitayipa ndekha monyadira (mawu ena ndinkachita kupumira panjira), n'kukachiponya ku positi ndi manja angawa.

Mayankho ochokera kunja anafika mvula itayamba. Atatu, kuphatikizapo alamu, analandira kalata yofanana, yachidule, ya Chingerezi chimene ngakhale ine ndinamva bwinobwino. Inkati awerenga kawiri koma sakudziwa chimene munthuyo akufuna kufufuza. Wachinayi, Saidi wa kwa Malengachanzi, anadwala malungo holide yonse osalowako m'kalasi. Analemba masamba awiri m'Chingerezi chake cha tsiku ndi tsiku. Iyeyo ndiye anakwera ndege.

Chilolezo chopita kunja nthawi imeneyo sichinkabwera kawiri. Alamu anakalamba pa siteshoni pomwepo akuyeza mpunga pa sikelo, Saidi atabwerako n'kukhala bwana wawo. Alamuwo sanandikalipirepo. Tsiku limene ankapuma ntchito anangondiuza kuti, "Tsamba limodzi lija ndinalisunga, alamu. Nthawi zina ndimaliwerenga. Linali labwino." Zinandipweteka kuposa mbama, ndipo zimandipwetekabe.

Mwina mukuganiza kuti ndinatengerapo phunziro. Mwezi watha ndinapita kuchipatala, ndipo dokotala wachitsikana anandifotokozera matenda anga mpaka ndinamvetsa zonse. Ndinathokoza, ndinalandira mankhwala, koma ndili pakhomo ndinafunsa anamwino monong'ona ngati mwanayu anamalizadi sukulu.