Amene Ankayatsa Ine Ndikazimitsa

Nkhani iyi yakhala itandiima pakhosi kuyambira mvula ya chaka chatha. Anzanga a ku Msika wa Lilongwe amaikamba mosiyanasiyana. Ena akuti galimoto yanga inakokedwa ndi abulu, ena akuti ndinalira pamsewu. Za abuluzo ndi bodza. (Zinazo tiyeni tizisiye kaye.) Ndiye ndati ndiilembe ndekha, ndi dzanja langa lomwe linalekeza Sitandade 3 ili, kuti wofuna kuseka aziseka zoona.

Ine ndine munthu wa mawu. Ndikayankhula pa shopu yanga ya maloko ndi misomali, amayankha ndi a ku mabenchi a nsalu. Ndinayamba n'kugulitsa misomali yowongola, yoyala pa saka, lero ndili ndi nyumba ya mpanda ku Area 47, pakati pa anthu a madigiri. Palibe anandigwira dzanja, ndipo zimenezi ndimazinena kawirikawiri, mwina mopitiriza.

Anayambitsa ndi mwana wanga Tiyamike, amene amagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre. Anatopa n'kundiona ndikuswera pa mzere wa petulo ndi pikapu yanga yakale, ndikukangana ndi anyamata a zigubu. Lamlungu lina anabwera ndi zithunzi za magalimoto awiri pa foni.

"Adadi, sankhani. Iyi ili ndi zonse ziwiri. Mumaitchaja pakhoma, koma ilinso ndi injini ndi thanki. Batire likatha, imayamba yokha kumwa petulo. Inayi ndi ya magetsi okhaokha. Ilibe thanki, ilibe ndi paipi ya utsi yomwe."

"Iweyo ukuti iti?"

"Ya ziwiriyi. Inu mumapitapita kumidzi, kumaliro, ku zinkhoswe. Kumeneko mukatchaja pati?"

Akanangoti sankhani n'kukhala chete, mwina ndikanatenga yomweyo. Koma mwana amene ndinkamunyamula paphewa andiuze ine za maulendo?

"Mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero. "Galimoto ikhale ya petulo kapena ya magetsi, osati ya mitima iwiri. Ndikuthawa mzere, ndiye ndigulenso ya thanki?"

Tinali pakhonde, ndipo ine ndikayankhula pakhonde amamva ndi a nyumba yachitatu. Mlonda wathu, a Kaliyati, anali atangofika kumene, akutsamiritsa njinga yawo pa mpanda. A Kaliyati anatilondera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kwawo kunali kupitirira Msundwe, koma ankachita lendi ku Mtandire. Anali munthu woti tsiku lonse mawu ake mukhoza kuwawerenga pa zala. Tsiku limenelo anavula chipewa n'kusendera.

"Bwana, ine pa ntchito yangayi ndimayenda ndi tochi, koma machesi sindisiya."

"A Kaliyati, inu munayendetsapo galimoto?"

"Ayi bwana."

"Ndiye yang'anani geti."

Mawu amenewo ndinawanena ndine. Ndawalemba dala mmene anatulukira, chifukwa kuwafufuta sindingathe.

Galimoto ya magetsi okhaokha ija inabwera, yoyera mbee, yosalira. Mumangoona mitengo ikubwerera m'mbuyo. Sabata yoyamba ndinkadzera dala ku Area 3 kumene kunali mzere wa petulo, galasi lili pansi, ndikupereka moni kwa aliyense amene ndikumudziwa. (Ndi amene sindikuwadziwa omwe ndinkawapatsa moni.)

Tsono ndili ndi khalidwe langa limene muyenera kulidziwa. Kalekale, tikukhala ku Kawale, nyumba yathu inapsa chifukwa cha ayironi yoiwalika pamoto. Tinatuluka ndi zovala za m'thupi. Kuyambira pamenepo, nkhani za madzulo zikangotha pa wailesi, ndimazungulira nyumba yonse kuzimitsa swichi iliyonse ya pakhoma. Ya firiji yokha ndi imene mayi a Tiya, akazi anga, anaimenyera nkhondo mpaka kupambana. Galimoto itabwera, soketi ya m'galaja inalowa nawo pa ulendo wanga umenewu. Ndinkalumikiza chingwe ndikafika dzuwa likulowa, pakapita maola awiri ndazimitsa.

Tiyamike anandichenjeza. "Adadi, isiyeni usiku wonse. Pa soketi ya m'nyumba imachedwa kudzaza."

"Foni imadzaza maola awiri. Batire ndi batire."

M'mawa mwake kamzere kobiriwira ka kutsogolo kwa chiwongolero, kosonyeza mphamvu ya batire, kanali kodzaza mpaka kumapeto. Mkuja chimodzimodzi. Miyezi itatu yathunthu. Ndinalengeza pa msika ponse kuti yanga imakhuta pa maola awiri, ndipo ndinauza Tiyamike kuti amene anaipanga galimotoyo saidziwa bwino. Mwana anangopukusa mutu.

Chinthu chimodzi chokha chinkandinyansa masiku amenewo. A Kaliyati anachotsa mpando wawo pa geti n'kukauika pa khomo la galaja. Ndinawakalipira kawiri kuti akuthawa mphepo. Anati, "Pepani bwana," koma mpando sunabwerere.

Lachinayi lina, mu Febuluwale, a Kaliyati anaweruka m'mawa ngati masiku onse. Masana anagwa pakhomo pawo akukonza unyolo wa njinga. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya.

Usiku umenewo ndinagona ku siwa ku Mtandire. Lachisanu ndinali pamsewu tsiku lonse: kuchipatala, kwa okhoma mabokosi, kumsika kukagula ufa ndi nsalu, kukafuna lole yonyamula thupi ndi anthu. Pobwerera kunyumba kamzere kaja kanali katafupika kwambiri. Ndinalumikiza chingwe, ndinamvera nkhani, ndinazungulira nyumba, ndinazimitsa. Kenako ndinakhala pabalaza kukonza mawu oti ndikayankhule kumanda monga bwana wa malemu. Anali mawu abwino. Ndinawayeseza mpaka mayi a Tiya anati anthu oyandikana nafe ayamba kale kulira.

Loweruka m'mawa, ku Mtandire, bokosi litakwezedwa, akazi a malemu, a Nachisale, anali akukwera lole kuti akakhale pambali pa amuna awo monga mwa mwambo. Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni, kuposa za swichi.

"A Nachisale sakwera lole," ndinatero, anthu onse akumva. "Miyendo yawo yatupa. Akwera yanga."

Amayi a mpingo anayang'anana. Mmodzi anati, "Bwana, namfedwa sasiyana ndi bokosi."

"Sasiyana nalo. Tingodzera ku Old Town kukatenga nkhata, tikupezani musanafike pa Mpingu. Iyi si galimoto yoti lole n'kuisiya."

Miyendo inalidi yotupa, sindinaname. Koma mumtima ndinkafunanso kuti anthu a kwa a Kaliyati aone mkazi wawo akutsika m'galimoto yosalira, adziwe mtundu wa bwana amene m'bale wawo ankamugwirira ntchito. A Nachisale sanatsutse. Anatsitsa mwendo umene anali atakweza kale, nabwera.

Ndinaona poyatsa kuti kamzere kaja sikanafike ndi pakati pomwe. Ndinati ndi maso angawa, magalasi ndinali nditawasiya mu jekete ina. Ku Old Town a nkhata anatichedwetsa. Tikulowa msewu wa ku Mchinji, kanyali kachikasu kanayaka, panatuluka mawu a Chingerezi, galimoto n'kuyamba kulira ngati belu laling'ono.

"Bambo a Tiya, ikulira," anatero akazi anga ali kumbuyo, atagwira dzanja la a Nachisale.

"Ikulira maliro. Tiyeni tiyimbe."

Ndinayambitsa nyimbo ya m'buku. Mawu anga mwawamva kale mbiri yake. Galimoto imene sinkalankhula inayesetsa kundiuza chinthu kamodzi kokha pa moyo wake, ine ndinaiphimba ndi nyimbo mavesi onse, n'kuyambiranso.

Titapitirira Msundwe tinakhota kulowa msewu wa dothi, chimanga uku ndi uku chotalika kuposa munthu. Pamenepo panatuluka kachithunzi kamene ngakhale wa Sitandade 3 amawerenga: kamba. Ndinaponda, galimoto inangokwawa. Ndinapondanso. Pa kamtunda kena kakang'ono, kamene mwana amakwera akuthamanga, inaima. Sinatsokomole, sinanjenjemere ngati mmene pikapu inkachitira. Inangoleka, ngati munthu amene wanena zonse.

Ndinatsika n'kutsegula kutsogolo, chifukwa mwamuna galimoto ikafa amatsegula kutsogolo. Munalibe choti n'kugwira. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe ndi mtengo wa magetsi umodzi womwe. Kumadzulo mtambo unali utada bii.

Ndinaimbira mng'ono wa malemu. Anati lole inafika kalekale, mwambo wa mpingo wayamba, ndipo adzukulu akuti mvula ikagwa madzi adzaza m'manda, sangadikire nthawi yaitali. "Alamu athu ali kuti?" anafunsa. Ndinati tili pafupi. Kuchokera pamenepo kukafika kumudziko ndi ulendo woposa ola limodzi wa munthu wa miyendo yabwino.

Ndinayamba kukalipa. Ndinatukwana amene anapanga galimotoyo, amene anaigulitsa, ndi Tiyamike yemwe. A Nachisale anali atatsika, atakhala pa udzu, nkhata ili pamiyendo. Kuyambira Lachinayi anali asanandiyankhule mawu opitirira moni. Anadikira ndipume.

"Bwana, dzulo munazimitsa?"

"Kuzimitsa chiyani, mayi?"

"Swichi ya m'galaja."

Ndinati inde, monga mwa masiku onse. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye panalibe woyatsa. Amuna anga ankadikira mukhome chitseko, n'kukayatsanso. Kukamacha ankazimitsa kuti mupeze mmene munasiyira. Mpando anausamutsira pa galaja chifukwa ankadziwa kuti mumaopa moto. Ankati chingwe chikatentha amve fungo msanga."

Mayi a Tiya anagwira pakamwa. Ine ndinafunsa, ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga, chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndinawafunsa inenso. Anati, bwana wathu ndi munthu wabwino, koma mawu ake akatuluka sabwerera. Kuyatsa swichi n'kwapafupi."

Sananene mokwiya. Anangonena ngati akundiuza mtengo wa tomato.

Patapita nthawi anatulukira bambo wina pa njinga yakapalasa, akuchokera kogulitsa makala. Ataona nkhata anatsika n'kuvula chipewa. Mayi a Tiya ndiwo anamufotokozera. Bamboyo anapukuta kaliyala ndi malaya ake, anayalapo chitenje cha akazi anga, a Nachisale n'kukwera chammbali, nkhata ili pachifuwa. Ndinawayang'ana akulowa m'chimanga mpaka anabisika. Mkazi amene ndinamutsitsa pa lole kuti akafike mwaulemu anapita kukaika mwamuna wake pa njinga ya makala.

Ife tinatsatira wapansi, titanyamula nkhata zotsalazo. Mvula inatipeza panjira. Pamene madzi anayamba kutsika m'khosi mwa jekete yanga, mayi a Tiya anandicheukira. Anati, "Paja munati chimavumbwitsa n'chiyani?" Ndinangofulumiza mayendedwe.

Tinafika anthu atabwerako kumanda, atakhala m'makonde kuthawa mvula. Mng'ono wa malemu anandiuza kuti anadikira mmene akanathera. A Nachisale anapeza bokosi litatsitsidwa kale, adzukulu akukwirira. Sanaliperekeze pochoka pakhomo, sanalione likutsika. Anangoika nkhata pa dothi. Zaka zonse zimene anakhala ndi amuna awo, ola lomaliza ndinawalanda ndine, ndipo limenelo silibwezedwa.

Woyendetsa mwambo atamva kuti ndafika anati, "Bwana wa malemu ali pano, mwina ali ndi mawu." Ndinaimirira, madzi akuchucha m'mathalauza. Mawu onse aja ndinayeseza pabalaza anali atapita. Ndinati, "A Kaliyati ankayatsa ine ndikazimitsa." A kumbuyo anati sakumva, ndikweze mawu. Ine, kuuzidwa kuti ndikweze mawu. Ndinalephera kubwereza, ndinakhala pansi. Anthu anaganiza kuti ndi chisoni chabe. Amene anamva tanthauzo lake anali a Nachisale okha, ndipo anandiyang'ana kamodzi n'kuweramanso.

Galimoto inabwerera m'tauni tsiku lotsatira itakwera pamsana pa lole. Tiyamike sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ndinaona mawuwo akuyendayenda pamilomo pake. Anangofunsa ngati tiigulitse n'kutenga ya ziwiri ija. Ndinakana. Galimotoyo sinalakwe kanthu, ndipo za m'tauni muno imandikwanira. (Komanso a ku msika angati ndagonja.) Akandifunsa anthu kuti yabwino ndi iti, ndimawauza kuti ayambe awerenga maliro ndi zinkhoswe za kumudzi zimene amapita pa chaka, kenako afunse munthu wa pakhomo pawo amene sayankhulayankhula. Ine ulendo wa kumudzi ndimapita pa pikapu yakale ija, nditaima nayo pa mzere ngati wina aliyense.

Kuzungulira nyumba sindinasiye, pa msinkhu uno munthu sasinthika. Nkhani zikatha pa wailesi ndimazimitsa ya pabalaza, ya kukhitchini, ya m'khonde. Ndikafika m'galaja dzanja limakwera lokha mpaka pa swichi. Pamenepo ndimaona mpando uja, umene ndinaletsa aliyense kuuchotsa pakhomopo. Ndimatsitsa dzanja, ndimanunkhiza chingwe, n'kukhala pampandopo pang'ono ndisanakagone.