Tsiku limene ndinathamangitsa magoloboyi onse

Ku Dambe kuli anthu amene mpaka lero amakhulupirira kuti ine ndine katswiri wosankha timu. Ndawasiya choncho zaka zonsezi chifukwa ulemu umakoma, koma lero ndati ndiulule. Tsiku limene amanditamira nalolo ndi tsiku lomwe ndinagwada pafumbi, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a midzi itatu akuonerera.

Ku Dambe si kwathu, ndinapitako kukakwatira. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa mmene zimakhalira: munda ndi wa eni, nyumba yaima pa malo a eni, ngakhale ana amene wabereka wekha ali ndi eni ake. Chinthu chimodzi chokha chimene chinali changachanga m'mudzimo ndi wezulo. Ndinali kochi wa timu ya mpira wamiyendo, ndipo anthu akati "akochi" ndinkayenda motukula mapewa. Popanda wezuloyo ndinali mwamuna wa mayi a Tadala basi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera mzungu wa ku Australia wokumba mijigo, dzina lake Kevini. Ankagona kufupi ndi boda, ndipo akaweruka ankaphunzitsa anyamata onyamula katundu ndi othandizira madalaivala a mathiraki mpira wa kwawo. Atawaphunzitsa mwezi wathunthu anayamba kufuna timu yoti asewere nayo. Anthu anamulozera kwa ine.

Anandipeza pamjigo atanyamula mpira wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Anafotokoza nthawi yaitali, ine ndikungoti "yes, yes" (sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma nkhope yanga ndi ya munthu wa Fomu 4). Ndinatolapo zinthu zitatu. Mbali iliyonse kumakhala mitengo inayi, ndipo mpira ukadutsa pakati ndi mapointi sikisi, ukadutsa m'mbali ndi pointi imodzi. Masewerowa amawinidwa ndi osewera apakati. Ndipo mpira umenewu ulibe goloboyi.

Ananenanso kuti manja amaloledwa, kuti ukawakha mpira umene wina wamenya m'mwamba palibe wokukhudza mpaka utaumenya. Izi ndinazimva bwinobwino, musaganize kuti Chingerezi chinandithawa. Ndinangoziyesa zothandizira anthu amene mapazi awo alibe nzeru. Ife ana a mpira wachikulunga tingafune manja?

Kenako Kevini anapita ku Lilongwe milungu iwiri kukafuna chitsulo cha makina ake, n'kundisiyira mpira uja. Poti unali umodzi wokha ndipo bwalo lathu ndi la minga, ndinaukulunga m'chitenje n'kuuika pamwamba pa kabati kuti ungaphulike tsiku lisanafike. Milungu iwiri yonseyo tinkakonzekera ndi mpira wathu wozungulira, ndipo anyamata ankaoneka bwino zedi.

Tinaphatikiza matimu a midzi itatu n'kusankhamo anthu khumi ndi awiri okha, poti bwalo lathu linali laling'ono. Ndinagula kope latsopano, n'kujambulamo bwalo ndi timizere ndi timivi tolozera uku ndi uku. Pakati ndinaikapo anyamata asanu afupiafupi, othamanga, odziwa njomba. Mtsogoleri wawo anali Laisoni, mnyamata woti akagwira mpira kumapazi umachita kumva chisoni ndi amene akumutchinga. Ndikayang'ana mndandanda umenewo ndinkadziuza kuti boma likutaya munthu pondisiya kumudzi.

Tsiku lowerenga maina linafika. Matimu atatu ndiye kuti magoloboyi atatu, ndipo wamkulu wawo anali a Fanuelo, mlongo wake wa mkazi wanga, malume a ana anga, munthu wamtali ngati mlongoti. Mwezi womwewo anali atandidzudzula pagulu kuti nkhokwe imene ndinamanga yapendama. Ndinali ndisanaiwale.

"Magoloboyi onse imani uko," ndinatero ndikuloza ndi pensulo.

Anaima. Ndinawerenga maina onse mpaka kutseka kope.

"Alamu, nanga ife tisewera pati?" anafunsa a Fanuelo.

"Pachulu paja, alamu. Mpira wa azunguwu ulibe goloboyi. Mukaonerere bwino."

Anthu anaseka. Ine n'kumva kukoma, n'kuwonjezera: "Mubwere ndi nzimbe, nthawi ingakutalikireni."

A Fanuelo anangovula magolovesi awo ong'ambika n'kumapita, anzawo awiri akutsatira. Pamene anthu ankabalalika, a Mbewe, wapampando wa komiti ya timu, anandikokera pambali. "Akochi, midzi itatu yakupatsani ana ake. Mukatichititsa manyazi pamaso pa anthu a paboda, wezuloyo mubweze tsiku lomwelo." Ndinawauza kuti agone tulo tabwino.

Kunyumba mayi a Tadala anali atamva kale. Za mlongo wawo sananene kanthu, anangondifunsa: "Bambo a Tadala, mpira umene mwaukulunga m'chitenje changawu, munayamba mwauponyapo pansi n'kuona mmene umadumphira?"

"Mpira ndi mpira," ndinayankha.

"Chabwino," anatero, ndipo anapitiriza kusenda chinangwa.

Loweruka masana a paboda anafika pa lole akuimba. Anatsika amuna a zifuwa zonyamulira matumba a feteleza. Kaputeni wawo, chimunthu cha ku Zambia chamutu wometa, chinayang'ana anyamata anga apakati, kenako n'kuyang'ana ine. "Ba kochi, aba ndiye bosewera banu? Bakulu mwabasiya kuti?" Ndinangomwetulira ngati munthu wodziwa chinsinsi.

Kevini ndiye ankaimbira. Poyambira masewerowa woimbira amaponya mpira m'mwamba pakatikati pa bwalo, anthu awiri n'kudumphira. Kaputeni uja sanavutike n'kudumpha komwe. Anangotambasula dzanja pamwamba pa mutu wa Laisoni n'kukankhira mpira kwa mnzake. Mnzakeyo anaukumbatira n'kuyamba kuthamanga nawo. Timu yanga yonse inaima chilili, manja m'mwamba, ikukuwa: "Hendi! Hendi!" (Ndisabise, amene anakuwa kwambiri ndine.) Pamene tinkamaliza kudandaula, mpira unali utadutsa kale pakati pa mitengo.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati maloto a malungo. Anyamata anga anakula akutukwanidwa akangokhudza mpira ndi dzanja, ndiye mpira ukabwera m'mwamba ankabisa manja kumbuyo n'kupereka chifuwa. Wina anaulandira ndi mutu, unamupeza ndi kosongoka kuja, n'kukhala pansi akuyang'ana kumwamba. Ukagwa pansi ndiye zinali zomvetsa chisoni. Laisoni ankauthamangira kumanja, mpirawo n'kudumphira kumanzere. Akautsata kumanzere, unkabwerera m'mbuyo n'kumudutsa pakati pa miyendo. Munthu amene anadyetsa njomba midzi yonse ya kuderalo anali kudyetsedwa njomba ndi mpira womwe, anthu akugubuduka ndi phwete.

Mphunzitsi wina ankalemba mapointi pabolodi imene tinabwereka kusukulu. Mbali ya a paboda ankafufuta n'kulemba, kufufuta n'kulemba. Mbali yathu panali pointi imodzi, ndipo imeneyonso inagoletsedwa ndi mphepo. A Mbewe anabwera kudzaima pafupi nane. Ankangoyang'ana wezulo imene inali pakhosi panga. Ndinachita mantha enieni. Ndinadziona ndikubwerera kunyumba wopanda dzina, kukakhala mkamwini wa nkhokwe yopendama mpaka kukalamba.

Kutatsala pang'ono kuti tipume pakati pa masewero, kaputeni uja anamenya chimpira chimene chinapotoka n'kutuluka m'bwalo, kulunjika pachulu. Anthu anabalalika. A Fanuelo, amene anakhala pamenepo ndi anzawo awiri aja, anangotambasula dzanja limodzi n'kuuwakha, nzimbe ili kudzanja linalo. Anaimirira, n'kuuponya pang'ono, n'kuumenya kuchokera m'manja monga magoloboyi amachitira. Mpira unauluka bwalo lonse n'kukagwera pachifuwa pa Kevini. Bwalo linati zii.

Kevini anaimba wezulo yopumira n'kubwera kwa ine chothamanga. "Uyo ndani?" anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Chifukwa chiyani iye sasewera?"

"Ndi goloboyi," ndinatero.

"Ali angati otero?"

"Atatu."

Mzungu anagwira mutu ndi manja onse awiri. Apo m'pamene zinandilowa. M'midzi itatu yonseyo, anthu amene anathera moyo wawo akuwakha mpira m'mwamba ndi kuumenya kuchokera m'manja anali atatu okha, ndipo ine ndinawatumiza kukadya nzimbe.

Kuchokera pamene ndinaima kukafika pachulu si patali, koma ndinatuluka thukuta ngati ndakwera phiri.

"Alamu," ndinatero motsitsa mawu.

"Akochi. Tikuonerera bwino, monga munanenera."

"Alamu, tathandizani."

"Tithandize chiyani? Mpira umenewu ulibe goloboyi."

Ndinayamba ndi kunyonyomala. Sanandiyang'ane, ankasenda nzimbe ndi mano. Ndinagwada, mawondo onse awiri, n'kuomba m'manja ngati ndabwera kudzafunsiranso mbeta.

"Ndinalakwa, alamu. Ndinayankhula mopusa."

"Anzangawa sanamve."

Ndinabwereza mokweza. Mmodzi mwa anzawowo anati mphepo yamusokoneza, ndiye ndinabwerezanso kachitatu. A Fanuelo analavula makoko a nzimbe n'kuti, "Bweretsani kope lija."

Anatenga pensulo n'kukhwatcha timivi tanga tonse. Pakati anadzilemba okha ndi anzawo awiri. Laisoni anamukankhira kutsogolo, pafupi ndi mitengo. "Ameneyu asadzivute ndi kuwakha, mpira ukagwa azingouswa," anatero. Anatulutsa anyamata atatu amene ine ndinkawanyadira kwambiri. Zonsezi ankachita ine ndili chigwadire, mitu yathu itagundana pakope.

Abale, chigawo chachiwiri chija ndikanakonda mukanachiona. Kevini atangoponya mpira m'mwamba, a Fanuelo anadumpha n'kuukankhira kwa mnzawo pamwamba pa mutu wometa uja. Mnzawoyo anaumenya kwa goloboyi wachitatu, amene anauwakha ngati akulandira mwana. Uyo anautumiza kutsogolo, unagwa pansi, ndipo usanaganize kolowera Laisoni anauswa ndi ukali wonse wa munthu amene wasekedwa. Unadutsa pakatikati. Amayi anaimba nthungululu, ana n'kulowa m'bwalo, ine ndikudumpha ndi fumbi m'mawondo.

Kuyambira pamenepo mpira sunkafikanso pansi pakati pa bwalo. A paboda anali amphamvu, koma anaphunzira kuwakha mwezi umodzi, pamene a Fanuelo anayamba ali mwana. Anyamata enanso anayamba kulimba mtima. Wina wakumbuyo anawakha mpira mwangozi, n'kuutaya msanga ngati mbatata yotentha akuyang'ana woimbira, bwalo lonse n'kumukuwiza kuti, "Gwira, iwe! Zololedwa!" Mphunzitsi uja tsopano ankafufuta mbali yathu, ndipo a Mbewe anasiya kuyang'ana khosi langa.

Nthawi itatsala pang'ono kutha tinali kumbuyo ndi mapointi ochepa, oti chigoli chimodzi chapakati chikanatikwanira. Mpira unabwera m'mwamba kutsogolo kwathu, ndipo kaputeni uja anaima pansi pake atatambasula manja. A Fanuelo anachokera kumbuyo, n'kuponda bondo pamsana pake, n'kukwera, n'kuuwakha ali pamwamba pa munthu. Ine ndinatseka maso poganiza kuti ndi mlandu. Kevini anali kudumpha ndi chimwemwe, akuti kwawo zimenezo ndiye zokoma zake. Nthawi inathera pomwepo, koma lamulo limati wowakha amenye kaye. A Fanuelo anapukuta manja pakabudula, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumenya. Mpira unadutsa pakati pa mitengo n'kukagwera m'munda wa fodya wa eni ake.

Sindikudziwa amene anayamba kundinyamula. Ndinangopezeka ndili m'mwamba, nsapato imodzi itagwa, anthu akuimba dzina langa. Atanditsitsa, a Mbewe anakwera pa benchi. "Mwaziona nzeru za akochi? Anabisa magoloboyi pachulu kuti a paboda ayambe atopa! Ndipo munawaona mmene anagwadira powalangiza mwachinsinsi, kuti adani asaone kope?" Anthu anaomba m'manja. Ngakhale kaputeni uja anabwera kudzandigwira chanza: "Ba kochi, ndimwe bochenjera maningi."

Ndinayang'ana a Fanuelo. Ankavala malaya mosafulumira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Eya, alamu angawa ndi anzeru." Mpaka lero sanaululepo.

Ukochi ndinakhala nawo zaka zina zambiri, ndipo tinabwerera ku mpira wathu wamiyendo Kevini atapita. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Lachisanu lililonse ndinkapita pakhonde la a Fanuelo, iwo pampando ine pamphasa, n'kumalemba maina amene iwo akutchula. Loweruka ndinkawerenga mndandandawo pabwalo ndi mawu amphamvu ngati ndauganiza ndekha.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzira kudzichepetsa. Koma mlendo akandifunsa za masewero aja, pakamwa panga pamayamba pokha: "Mukudziwa, pulani yanga tsiku limenelo inali yakuti..." Chimene ndinaphunzira ndi kuyamba ndasuzumira kaye kukhitchini, kuona ngati mayi a Tadala ali pafupi.