Tsiku Limene Ndinawotcha Gelesomu

Amwene, mukufunsa kuti munthu amadziwa bwanji kuti buku limene akulemba lamukanika? Ine anachita kundiuza ndi a tcheyamani a chipani, pagulu, masanasana.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi ku Wenya, atanditumiza kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinali ndi buku langa lachikondi lomwe ndinaliyamba ndisanakwatire. Nkhani yake inali yoti mnyamata wina, Gelesomu, akufuna Esinati, basi. Koma ana anga anabadwa mpaka kuyamba sukulu Gelesomu asanapereke ndi moni womwe. Ndikati lero ayankhule, ndinkapezeka ndikufotokoza mitambo.

Loweruka lina ndinati zakwana, ndikaliwotche mwakachetechete kuseri kwa chimbudzi. Mayi akunyumba anandichenjeza, "Bambo a Chikondi, mphepo ya kuno mwaiwala?" Ine ndi chisoni chinandigwiracho, kumva? Ndinakoleza moto.

Abale inu, mphepo yochokera ku mapiri a Mafinga ilibe chibale. Inangoti kuuu, mapepala onse m'mwamba, ena akufuka utsi, ulendo wa kumsewu. Ine pambuyo liwiro la mtondo wadooka, patapata ina kuduka. Ndiye mumsewumo mukubwera ndani? A tcheyamani, ndi anyamata awo ofunsa makadi a chipani aja!

Tangoganizani masiku amenewo, mphunzitsi wobwera akuwotcha zolembalemba mobisala. Anthu ankatengedwa osabwerako pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. M'malo moima n'kupereka moni, chitsiru ine ndinayamba kutola mapepala n'kumalonga m'malaya, lina likadali ndi moto, linandiwotcha pamimba ine n'kumadumphadumpha ngati ndaponda linthumbu.

"Monire asambizgi," anatero a tcheyamani, kulonjera ine mphunzitsi m'chiyankhulo cha kumeneko. "Mukubisa vichi?"

"Ndi buku chabe bwana, lachikondi."

"Yewo. Tiwerengereni timve chikondicho."

Anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kuunjikana. Ndinayamba kuwerenga, mumtima ndikutsanzikana ndi ntchito, ndi ana, ndi mkazi wanga yemwe anaima chapatali manja ali kumutu. Ndinawerenga za mitambo. Ndinawerenga za Gelesomu akusita buluku. Ndinawerenga za mitambo ina. Azimayi anayamba kuchoka mmodzimmodzi, akuti akaone nyemba pamoto, anyamata a makadi aja akuwodzera choimirira.

A tcheyamani anakweza dzanja. "Asambizgi, mtsikanayu amufunsira liti?"

"Pamenepo sindinalembe, bwana."

"Zaka zonsezi?"

"Eya, bwana."

Anaimirira, n'kusasa fumbi kubuluku, n'kulengeza kwa otsalawo kuti, "Muno mulibe ndale." Mtima wanga unakhala pansi, ndinatsala pang'ono kuwagwadira. Kenaka anapisa m'thumba, n'kundipatsa machesi ndi manja awiri, mwaulemu ngati akupepesa maliro.

"Ndipo mulibenso nkhani. Kamalizeni ntchito yanu, koma ulendo uno muike mwala pamwamba."

Sindinama, zinandipweteka kuposa bala la pamimba lija. Ndinkamukonda Gelesomu, waulesi yemwe uja. Ndinamuwotcha misozi ili chuchuchu, mayi akunyumba atanditchingira mphepo ndi chitenje, ndipo anachita bwino kunamizira utsi pamodzi nane.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira: ndikadzalembanso buku, mnyamata adzafunsira patsamba loyamba. Akamukana, zake zimenezo, ine sindipsanso pamimba chifukwa cha manyazi a munthu wina.