Mayi a Tadala Akubwera Kudzaona Bangula

Lolemba

Zoti zithe Loweruka lisanafike:
1. Njira yodutsa pakati pa Bangula osadzera kumsika wa nsomba.
2. Mthunzi.
3. Pomwera tiyi popanda ntchentche.
4. Munthu asadziwe.

Akazi anga, mayi a Tadala, akubwera kuchokera ku Zomba. Zaka zitatu tsopano, ine ndikuphunzitsa kuno, iwo ali kumeneko ndi mashini awo osokera. Akuti: "Ndidzaone kaye ngati kuli tawuni. Kukakhala kulibe, zosamukazo musadzazitchulenso." Tsiku limodzi lokha!

Lachiwiri

Ndikulemba zimene zinkandikoka pakati pa Zomba ndili ku koleji: mitengo ikuluikulu, kamphepo ka m'phiri, sitolo ya mabuku, pokhala osagula kanthu. Kuno ndapezapo chimodzi, mtengo wa nimu pafupi ndi pokwerera minibasi.

Ndikuyesa njira ndi wotchi. Papepala mphindi makumi anayi. Pamiyendo maola awiri. Vuto ndi moni. "Aphunzitsi, muli tani?" Ukayankha afunsa za kunyumba, za mwendo unatupa chaka chatha, za mwana wawo wa Fomu 2. Munthu wa ku Zomba sangapirire zimenezi.

Lachitatu

Nimu uja adula! Akuti amangapo shopu ya mafoni. Ndaima pachitsa mphindi khumi.

Ndikunong'oneza mayi Zuze ogulitsa tiyi kuti Loweruka atsuke makapu kawiri, ndipo asauze munthu. "Aphunzitsi, pakamwa panga mpotseka ngati botolo."

Lachinayi

Bangula yense akudziwa.

Akabaza akukangana kuti mlamu adzamunyamula ndani. Amayi a nsomba akuti asunga mlamba wowamba wonenepa. Wometa akufunsa ngati mlamu ndi wamtali. Zikumukhudza chiyani?

Njira yatsopano: kuseri, kutsata njanji. Kulibe moni. Kuli mbuzi, minga ndi dzala.

Lachisanu

Kutentha. Kandulo wapindika yekha pazenera. Malaya achitatu chisanafike chakudya chamasana. Mfundo zonse zinayi ndazidula ndi rula. Ndatsala ndi ambulera yobwereka komanso mawu amene ndaloweza: "Tawuni ino ikukula." Akakana, zaka zina zingati?

Loweruka

Minibasi yafika dzuwa lili pamutu. Ndisanatambasule ambulera, akabaza asanu azungulira mayi a Tadala. "Mlamu! Kwerani yanga, iyo ilibe mabuleki!" Awatenga. Molunjika kumsika wa nsomba! Ine pambuyo, ndikuthamanga ndi pepala la mapu anga.

Ndawapeza atakhala pabeseni lovundikira, mlamba m'manja, akuphunzitsidwa kunena "takhuta" pothokoza. Akuseka. Akuyang'ana mathalauza a akabaza ong'ambika kumbuyo. "Kuno kulibe atelala?" Mayi Zuze abwera ndi tiyi. Kapu sanaitsuke kawiri, ndikuona ndithu.

Ndikuyesa: "Tawuni ino ikukula." Sakundimva.

Akuti: "Ku Zomba ndimaswera pakhonde osamva dzina langa. Kuno ola limodzi andiitana kakhumi." Akudandaula kapena akuyamikira? Nkhope sikunena.

Aima nthawi yaitali pakhonde lina lopanda munthu, pakati pa nsomba ndi chigayo. Aliyeza ndi mapazi. Asuzumira kanyumba kakuseri kwake. Pokwera minibasi angoti, "Ndikaganiza."

Lamulungu

Ndapita kwa bambo Tchale, eni khondelo. Akuti khonde ndi kanyumba sizisiyana, ndipo wogulitsa makala akulifunanso. Adikira mpaka Lachitatu basi.

Ndiye kuti nyumba yanga yabata ya kusukulu ndiisiye. Mabuku anga azinunkha mlamba. Mayeso ndizichonga chigayo chikulira.

Ndakhala pakhondepo ola limodzi kuyesa. Moni: makumi awiri ndi atatu. Ntchentche: ndasiya kuwerenga. Ofunsa za ine: palibe. Onse akuti, "Mlamu abwerera liti?" Mapu anga ndapatsa mayi Zuze akulungire zitumbuwa.

Uthenga ndatumiza: "Mayi a Tadala, khonde lija lilipo mpaka Lachitatu. Fungo ndizolowera. Mthunzi palibe, ndayang'ana bwino. Chonde yankhani msanga, akabaza akundisowetsa mtendere, ndipo inenso ndikufuna kudziwa."