Chimanga cha Kuseri kwa Chulu

Mpaka lero ndikamadutsa pa kapaki ka kwathu ku Area 25 ndimayenda mothamanga, maso pansi, ngakhale ndilibe kumene ndikuthamangira. Ana sadziwa chifukwa chake. Makolo awo akudziwa, chifukwa analipo tsiku limene ndinadzivula ndekha ulemu dzuwa likuswa mtengo.

Kapakiko si kakakulu ayi: bwalo la udzu, mabenchi atatu a simenti, mitengo ya m'bawa imene tinabzala tokha, ndi chulu chachikulu kumapeto. Anthu a m'dera lathu anandisankha kukhala tcheyamani wa komiti yosamalira malowo (ndikukhulupirira kuti anatengeka ndi mawu anga okweza, osati nzeru). Ndalama panalibe. Tikapita kuofesi kukapempha thandizo, ankatilandira bwino, kutipatsa mipando, kenako n'kutiuza kuti chaka chino zinthu zavuta, tidzithandize tokha. Choncho mvula ikagwa udzu unkafika m'chiuno, ndipo aganyu a ku Mgona sakanabwera kudzatchetcha kuti malipiro ake akhale “Mulungu akudalitseni.”

Lamulo limene ine ndinkalikonda kuposa onse linali loletsa kulima chimanga m'paki. Mukudziwa mmene Lilongwe amakhalira mvula ikayamba: paliponse pamene paoneka dothi, ngakhale m'mbali mwa msewu, wina waponyapo kale mbewu. Pa msonkhano uliwonse ndinkalalikira kuti chimanga chimabisa akuba, chimaweta udzudzu, chimalanda ana malo osewerera. Ndinkachita kumenya tebulo.

Ndiye chaka china mu Disembala, ndikuyendera malowo, ndinazungulira kuseri kwa chulu. Abale, dothi lake! Lakuda bii, lofewa, loti ungobayapo chala. Ine ndinakulira ku Dowa, khasu ndinalidziwa ndisanadziwe pensulo. Pomwepo ndinayamba kudzinamiza. Ndinati komiti ilibe chotchetchera kona ino, koma munthu atalimapo azipalira yekha, udzu sudzakula, paki ipindula. Ndiye kuti sindikuba malo, ndikuthandiza. (Munthu ukafuna kulakwa, zifukwa zimabwera zitavala tayi.)

Ndinauza mkazi wanga, amake Chisomo.

“Nanga a komiti avomera?” anafunsa.

“Akudziwa,” ndinayankha, poganiza kuti popeza tcheyamani akudziwa ndiye kuti nkhani yafika.

Tinabzala m'mawa wina anthu asanayambe kudutsa, mizere isanu ndi umodzi yokha. Mkazi wanga ndiye anaitenga ntchitoyo ndi mtima wonse. Anapalira, anabandira, anathira feteleza amene mlongo wake wa ku Likuni anamugawira. Ine ndinaiwala chinthu chimodzi chokha, chakuti chimanga chimakula. Pofika Febuluwale ngayaye zinali zitatulukira pamwamba pa chulu, zikugwedezeka ngati zikupereka moni kwa odutsa.

Pa msonkhano wa komiti, mlembi wathu a Mhango, mkulu wa mpingo wosadziwa chibwana, anaidzutsa nkhani.

“A Tcheya, mwaona zimene zili kuseri kwa chulu? Wina watiderera zedi.”

Apa m'pamene ndikanaulula. Ndikanangoti abale, ndine, ndikhululukireni. Koma maso onse anali pa ine, akudikira mkokomo wa masiku onse, ndipo pakamwa panga panangoyamba pokha.

“Ameneyo ndi munthu wopanda manyazi!” ndinatero, ndikumenya tebulo. “Loweruka tonse tibwere ndi zikwakwa. Tidzatchetche, aphunzire!”

Anandiwombera m'manja. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu.

Ndinali ndi masiku oti ndimuuze mkazi wanga. Lachitatu anali wotopa. Lachinayi anali wosangalala, sindinafune kumusokoneza. Lachisanu anandiuza monyadira kuti mapesi ena abereka ziwiriziwiri, ine n'kungoti “eya, zikomo.” Nzeru imene ndinatsala nayo inali yamantha: Loweruka m'mawa iye amapita kumsika, ndiye titchetcha asanabwere, kenako ndidzadandaula naye limodzi za nkhanza za anthu a m'tauni.

Loweruka kunabwera anthu ambiri kuposa tsiku lobzala mitengo. A Mhango anandipatsa chikwakwa ndi manja awiri.

“Yambani ndinu, a Tcheya, kuti uthenga umveke.”

Ndinayamba. Phesi loyamba litagwa ndinapitiriza, uku ndikulalata kuti mantha asaoneke. “Anthu ena akuyesa tauni ino ndi dimba la kwawo! Sukulu anapitadi amenewa?”

Tili pa mzere wachitatu, ndinamva mawu amene ndingawazindikire ngakhale m'phokoso la m'depoti.

“Mayo ine! Ndani akutchetcha chimanga changa?”

Mkazi wanga anali atakumana ndi mnzake panjira, amene anamuuza kuti ku paki kuli zionetsero. Anabwerera dengu lili m'manja.

“Chanu, amayi?” anafunsa a Mhango.

“Chathu! Ine ndi bambo awa! Bambo a Chisomo, si munati a komiti akudziwa? Ndiye mukutchetcha ndinu?”

Chikwakwa chinali m'mwamba, ndipo sindinadziwe ngati ndichitsitse kapena ndichisiye komweko. Wina kumbuyo anati, “Eish, a Tcheya, zoona?” ndipo phwete linaphulika, ena mpaka kukhala pansi.

Kusekako ndikanakupirira. Amene anandilasa ndi aNyaGondwe, mayi wamasiye amene amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi paki. Chaka cham'mbuyo ine ndinawazulitsa timizere tawo tiwiri ta chimanga pakona ina, ndikuwawerengera lamulo pamaso pa zidzukulu zawo. Pa Loweruka limeneli aNyaGondwe sanaseke. Anangoyang'ana mapesi ali pansiwo, kenako ine.

“Changa chija chinali chisanafike ndi m'mawondo momwe, a Tcheya,” anatero mofatsa. “Chanu chakula bwino.”

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Mawu anga okweza aja anathawa, ndipo ndinapepesa ndi timawu toti a Mhango anachita kundiuza kuti ndibwereze. Ndinati udindo ndautula.

“Ayi,” anatero a Mhango. “Mukautula mukapuma. Mupitiriza, ndipo popeza chikwakwa mumachitha chonchi, udzu wa paki yonse ndi wanu mpaka mvula ithe.”

Anthu anagwirizana kuti mizere itatu yotsalayo ikhwime, koma zokolola zikhale za aNyaGondwe. Palibe anafunsa maganizo a tcheyamani. Kunyumba, mkazi wanga anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi mutu. Atatsegula pakamwa anati za chimanga alibe nazo ntchito, chimene chikumuwawa n'chakuti ndinamusandutsa wakuba pamaso pa anthu iye osadziwa kanthu.

Mu Malichi, tsiku lina ndikutchetcha ndekha pafupi ndi mabenchi, msana ukuwawa, aNyaGondwe anabwera ndi chimanga chiwiri chootcha atachikulunga m'makoko.

“Idyani, bambo. Munalima ndinu.”

Ndinayesa kukana, iwo anangoima. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinadya chiimire, odutsa akundiyang'ana. Ndinkafuna chindiwawe kukhosi, koma ayi, chinali chotsekemera koopsa. Ndipo chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amake Chisomo, ndi ichi: pamene ndinkatafuna, misozi ili pafupi, maso anga anali kale kuseri kwa chulu, akuyeza ngati nyemba, zimene sizitalika, zingaoneke kuchokera kumsewu.