Ndinavulira Maliro Thumba la Ufa

Linali Loweruka lachiwiri la Okutobala, chaka chatha, nthawi ili 9 koloko m'mawa, pamene ndinanamiza mkazi wanga koyamba m'zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinati ndikupita kukaona matabwa. Dzuwa lisanafike paliwombo, anthu oposa zana anali atawaona matabwawo.

Ndine kalipentala wa ku Chawama. Sindilankhula zambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake dzina langa linali pakati pa oyembekezeka kusankhidwa kukhala akulu a mpingo mwezi wotsatira. Udindo umenewo ndinaudikira zaka khumi ndi chimodzi, ndikukhoma mabenchi a m'tchalitchi mwakachetechete.

Dalitso, mwana wa mlongo wanga, ndi bambo wa zaka 26 ndipo amajambula mafilimu ndi foni. Amakonda mafilimu akale a azungu, aja a munthu wobisa nkhope amene amapha achinyamata mmodzimmodzi mpaka kutsala mtsikana mmodzi. Anati akufuna kupanga yakeyake yolemekeza amenewo. (Ine ndimadziwa zolemekeza makolo ndi maliro. Zolemekeza filimu ndinamvera kwa iye.)

Poyamba anangopempha chikwanje cha thabwa. Ndinasema, n'kupaka penti ya siliva. Patapita sabata anabweranso, akuti mnzake amene akanakhala wakuphayo wapeza ntchito ya ulonda ku Bauleni.

"Amalume, imwe mungakwanitse," anatero. "Wakupha sakamba. Sathamanga. Amayenda chabe pang'onopang'ono, monga mwamene muyendera na mbale ya chopereka."

"Nanga nkhope?"

"Sioneka. Ndiye lamulo likulu mu mafilimu aya. Kulibe azaziba."

Ndinavomera pa mfundo ziwiri: nkhope isaoneke, ndipo tikajambulire kutali ndi Chawama. Tinasankha Kalikiliki, kumene ndinalibe m'bale kapena kasitomala. M'mawa uja mkazi wanga, amake Yosefe, anali atavala yunifolomu ya amayi a chigwirizano, akuti akupita kumaliro a m'bale wa mayi wina wa mumpingo, "cha ku Mtendere uko". Sindinafunse kuti cha pati. Mtendere ndi Kalikiliki n'zoyandikana ngati mphuno ndi mlomo. Funso limodzi likanandipulumutsa, koma ine mawu ndimaumira.

Titafika anandiveka ovololo yakale, n'kundithira magazi a tomato wosakaniza ndi shuga ndi utoto wa makeke. Kumutu anandiveka thumba la ufa la mabowo awiri. Dalitso alibe magetsi ojambulira, choncho filimu yake ya usiku amajambula masana, akuti mdima adzauthira pa kompyuta. Dzuwa la Okutobala silinauzidwe zimenezi. Shuga uja anayamba kumata, ndipo ntchentche zinaitanizana.

Ntchito inali yosavuta kumva. Mwansa, mayi woluka tsitsi amene ankasewera mtsikana wotsala uja, azithamanga akukuwa m'kanjira ka pakati pa nyumba. Ine ndizimutsatira ndi chikwanje, Dalitso ndi foni kumbuyo kwanga.

Ulendo woyamba mayi wina anatikhuthulira madzi otsukira mbale. Wachiwiri galu anandiuwa. Wachitatu ndinaponda pamphasa pamene panayanikidwa chimanga, ndipo ndinaima n'kupepesa.

"Amalume, wakupha sapepesa."

"Ndaponda chakudya cha anthu."

"Manje mverani. Olo mumve chani, olo muone chani, musaime. Muziyenda chabe mpaka ine nikambe."

Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinali nditatopa moti ndikanavomera chilichonse. Mwansa anathamanga kupitirira pamene tinkalekezera, n'kukhotera kumanzere. Kukuwa kwake kunaduka mwadzidzidzi. Ndinayesa ndi mmene anazikonzera. Dalitso akuti ananong'ona kuti ndiime, koma m'thumba la ufa munthu amangomva mpweya wake. Ndinayenda monga anandiuzira, ndinakhota, n'kutulukira pamsewu.

Patsogolo panga panali bokosi la maliro pa mapewa a amuna asanu ndi mmodzi, likupita ku lole. Kumbuyo kwake amayi ankaimba. Nyimbo inayamba kufa mzere wakutsogolo, kenako wachiwiri, mpaka kunatsala mayi mmodzi kumapeto amene anali asanandione. Nayenso anasiya. Mwansa anali atabisala kale kuseri kwa mpanda.

Apa ndinene zoona. Njira yopulumukira inalipo. Ndikanangotembenuka n'kubwerera m'kanjira muja, ndipo mpaka lero anthu bwenzi akukamba za wamisala wosadziwika wa ku Kalikiliki. Koma bambo anga, amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, anandimenya kamodzi kokha m'moyo wawo wonse: tsiku limene maliro anadutsa ine chipewa chili kumutu. Dzanja langa linakumbukira tsikulo mutu usanaganize. Ndinavula thumba lija, kuligwira pachifuwa, n'kuwerama. Chikwanje chinali m'dzanja linalo.

Zinkamveka ntchentche zokha.

"Atate ake Yosefe?"

Mawuwo ndawamva m'mawa uliwonse kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinadzutsa mutu. Mkazi wanga anali pamzere wachiwiri, pakati pa amayi onse a chigwirizano a ku Chawama. Pambali pa bokosi panaima abusa athu, Baibulo m'khwapa.

Mkazi wanga anayang'ana chikwanje. "Matabwa yamene munakamba ni aya?"

"Ndi thabwa ndithu," ndinatero. (Sindikudziwa chifukwa chake ndinaganiza kuti yankho limeneli lindithandiza.)

Abusa anasendera pafupi. "Magazi awa ni ya ndani?"

"Tomato, abusa."

"Tomato."

"Ndi shuga."

Ananditenga ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza onyamula bokosi kuti apitirize. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo, koma mkazi wanga anandigwira mkono wa ovololo ndi zala ziwiri.

"Muyenda kuti? Mwafika kale pamaliro. Kwelani."

Ananena zoona. Munthu sungavulire maliro chipewa kenako n'kuthawa. Ndinakwera lole ya amuna. Inali yodzaza, koma ine ndinapeza malo okwana anthu anayi. Kumanda, itafika nthawi yolandizana fosholo, ndinatambasula dzanja monga mwa mwambo. Mnyamata amene anali nayo anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kupatsa wina.

Pobwerera abusa anandiitanira pambali. Sanakalipe. Anati mpingo ukuyamikira ntchito yanga ya mabenchi, ndipo za ukulu tidzazionanso zaka zikubwerazi. Ndinathokoza.

Dalitso ndinamupeza kunyumba madzulo, akundidikira. Foni sanazimitse nthawi yonse ija.

"Amalume, pamene munavula paja! Olo azungu sanachitepo. Vuto ni yakuti wakupha safunika kuoneka nkhope. Tingabwezepo Sabata?"

Mkazi wanga anamupatsa chikwanje chake n'kumusonyeza chitseko. Ine anangondiikira sopo ndi beseni panja.

M'mawa mwake ndinadzuka molawirira. Ndinagula shuga ndi thumba laling'ono la makala, n'kukwera minibasi ziwiri kubwerera ku Kalikiliki kukapepesa. Amuna anali adakali panja, pa mipando imene anatulutsa m'nyumba. Nditafika pachipata ndinavula chipewa.

Mkulu wina, malume wa malemu, anakweza dzanja. "Valani, bambo, valani chabe. Imwe mukavula ndiye pamene tiyopa."

Anaseka onse, ngakhale amene maso anali otupa. Ndinapereka shuga ndi makala, n'kukhala pamene anandilozera. Chipewa ndinachiika pabondo.