Odi wa m'nkhalango yagalasi

Tsiku limene mbiri ya amishonale idzalembedwe mwachilungamo, dzina langa lidzakhala pakati pa zimphona. Ine ndi munthu amene anadzipereka kukalalikira mitundu ya m'nkhalango za Amazon, anthu amene sanaonepo Baibulo, nsapato kapena mkulu wa mpingo. Ulendowo ndinaunyamukadi. Unathera kuseri kwa Partick, konkuno mumzinda wa Glasgow ku Scotland.

Chiyambi chake n'chakuti koleji ndinali nditaisiya. (Ena amati inandisiya ndi iyo nditalephera mayeso kawiri. Ine sindikangana ndi anthu.) Azakhali, omwe amandisunga ku Govanhill ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba, sankadziwa. M'mawa uliwonse ndinkanyamula chikwama n'kukawodzera ku laibulale. Koma anayamba kufunsa zotsatira, ndipo Azakhali akafunsa chinthu katatu, kachinayi amapita okha kukachiona.

Lamlungu lina kutchalitchi kunabwera mlaliki ndi zithunzi za nkhalango. "Kumeneku kuli anthu amene sanamvepo dzina la Yesu. Apite ndani?" Ndinangozindikira ndaimirira. Azimayi anaimba nthungululu, Azakhali misozi mbwembwembwe. Kunyumba ndinafotokoza modzichepetsa kuti sukulu ndaiimika kaye chifukwa cha maitanidwe. Zotsatira sizinafunsidwenso.

Vuto linali a Nyirenda, mkulu wa mpingo, omwe anazitenga zenizeni.

"Mnyamata, kwa eni sulowa ngati mbuzi," anandiuza. "Anthu amenewo ali ndi mauta. Ukafika pamalire, ima, vula chipewa, womba m'manja, unene odi. Usasunthe mpaka akuyankhe."

"Nanga akapanda kuyankha, bambo?"

"Ndiye kuti akukuonera m'masamba."

Poti mpingo wonse unkafunsa za kukonzekera kwanga, ndinagula chipewa chotambalala pa kaunjika. Nkhalango yoyeserera inaliponso: Azakhali anatchulapo za nyumba yagalasi yosungiramo mitengo ya kumaiko otentha, yofunda ngati ku Nsanje. (Anatchulanso chimene iwo amapitirako, koma nthawi imeneyo ndinali kutafuna.)

Ndinapita Lachiwiri masana. Kunja kunali kamvula ka ku Glasgow kaja, kosagwa koma konyowetsa. Chitseko chitatsekeka kumbuyo kwanga, phokoso la magalimoto linangoti zii. Magalasi anga a m'maso anachita nkhungu. Munalibe munthu. Masamba aakulu ngati zitseko ankalendewera pamwamba pa kanjira, madzi akudontha penapake, tho, tho, tho, ndipo fungo lake linali la dothi longokumbidwa kumene, lija timalimva tikaima mozungulira dzenje. Ndinayenda mpaka pakadziwe ka nsomba, pomwe mitengo inathithikana. Apa ndiye pamalire, ndinatero mumtima.

Ndinavula chipewa. Ndinaomba m'manja.

"Odi!"

Tho, tho, tho.

Ndinadzimva kuti ndine mtumwi. Ndinabwereza mokweza, ndi mawu a paguwa. "Odi kuno eni mudzi!"

"Afike."

Abale, munthu akamaodira mitengo sayembekezera kuyankhidwa. Mawuwo anali a mzimayi, aang'ono, ouma ngati tsamba la chimanga. Chipewa chinandipulumuka n'kugwera m'dziwe. Miyendo inati tithawe, koma a Nyirenda anaphunzitsa za kuima basi, za kuthawa sanafikepo.

Masamba anagwedezeka. Pakati pake panatulukira nkhope yoyera ngati ufa, tsitsi la thonje, maso otuwa ngati madzi a mpunga. Inali m'munsi, pa msinkhu wa mwana. Ndipo sinkayenda. Inkangoseseleka kubwera kwa ine, osanjanja, osamveka phazi.

"Mwachedwa," inatero nkhopeyo, m'Chichewa chakale chija cha m'mabuku a nyimbo. "Takudikirani nthawi yaitali. Atate apita kumanda, koma abwera. Kodi mvula yagwa kwanu?"

"Ya... yagwa, agogo."

"Gwadani, mwana wanga. Ndani anakulerani?"

Ndinagwada m'matope.

"Tsono mwadzeranji? Nenani bwino. Atate amadziwa munthu wonama."

Ine za mizimu sindikhulupirira, ndinaphunzirako sayansi chaka chimodzi ndi theka. Koma mzimu wa mzungu ukakufunsa m'chilankhulo cha amayi ako, ndipo atate ake ali m'njira kuchokera kumanda, sayansi imayamba yadikira panja. Ndinaulula zonse. Ndinati maitanidwe ndilibe, ku Amazon sindikudziwa n'komwe kuti basi yake imakwerekera kuti, mayeso ndinalephera kawiri, laibulale ndimakagonako, ndipo Azakhali ndawanamiza miyezi isanu.

"Isanu ndi umodzi," anatero mawu ena kuseri kwa masamba. "Pitiriza, tikumva."

Mawu amenewa sanali a mzimu. Akanakhala a mzimu bwenzi zili bwino.

Azakhali anatulukira atavala yunifolomu, akukankha mpando wamateyala. Pampandopo panali Mayi Isobel, gogo wa kunyumba ya okalamba komwe amagwira ntchito. Anabadwira pamishoni ku Malawi, mwana wa mbusa wa ku Scotland, ndipo ukalamba unawafufutira Chingerezi chonse n'kuwasiyira Chichewa cha mlezi wawo. Lachiwiri lililonse Azakhali amabwera nawo kuno chifukwa gogoyo akamva kutentha ndi fungo la dothi amayesa ali kwawo.

"Nesi, mlendoyu wadya?" anafunsa gogoyo.

"Adya kunyumba, mayi," anatero Azakhali, akundiyang'ana. "Adya bwinobwino."

Tinakwera basi n'kuwoloka mtsinje. Kenako Azakhali anati, "Iwe umafuna anthu osafikiridwa? Mayi aja chaka chino sanayenderedwepo ndi munthu. Ana a achimwene awo akabwera samvana nawo. Uyambira pamenepo. Ndipo Lamlungu uimiriranso."

Ndinaimiriradi, n'kuulula zonse pamaso pa mpingo. Nthungululu panalibe. A Nyirenda okha ndi amene anandigwira dzanja pakhomo, nati, "Koma odi unanena?"

"Ndinanena, bambo."

"Anayankha?"

"Anayankha."

"Basi. Maphunziro anga anagwira ntchito."

Tsopano Lachiwiri lililonse mpando uja ndimakankha ndine, ndi kuwawerengera Masalimo pansi pa masamba aja. Choopsa n'chakuti Mayi Isobel sandikumbukira. Sabata iliyonse ndimaodira, amandiyang'ana ndi maso otuwa aja, n'kufunsa kuti ndadzeranji, ndipo sabata iliyonse, Azakhali ali chiimire pambali, ndimaulula kuyambira pa mayeso. Ndinayesapo kamodzi kunena kuti ndine dokotala. Anangoti, "Atate akubwera," tsitsi langa n'kuima.

Chipewa chija chikadali pansi pa dziwe, nsomba zikuswanamo. Utumiki wanga wonse wa ku Amazon unandidyera mapaundi awiri ndi theka.